Njira ya ku Kapaizi

Lolemba, 5 Ogasiti 1996

Andigoneka lero masana pachipatala cha Lundazi, m'wodi ya amuna, bedi lachisanu ndi chiwiri kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera. Kabuku kano ndi kamene ndimalembamo midzi. Ndakatembenuza kuti ndiyambire kumbuyo, popeza masamba osalembedwa alipo ambiri ndipo pano palibe china chochita. Ndine Bornwell Msimuko, wa kwa Mphamba, zaka 52.

Chandibweretsa ndi phazi lamanzere. Munga unalowa kunsi kwa chala chachikulu, mwina masabata awiri apitawo, ine osamva kanthu. Adokotala ati ndili ndi matenda a shuga, ndipo akhala m'thupi nthawi yaitali. Andifotokozera kuti shuga akachuluka m'magazi amapha mitsempha yomvera ululu, kuyambira kumapazi. N'chifukwa chake ndinapalasa njinga masiku atatu ndili ndi munga m'phazi, n'kumadabwa kuti sokosi ikununkhiranji. Ululu ndi mlonda wa thupi. Wanga anagona kalekale osanditsanzika.

Mkazi wanga, aNyaZgambo, apita kunyumba kukatenga bulangete ndi beseni.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndondomeko ya tsiku ili motere. M'mamawa amatiyeza kutentha kwa thupi. Kenako ndimapereka mkodzo m'kabotolo, Sista Olipa amadontheza pang'ono m'kagalasi n'kuponyamo piritsi. Madziwo akakhala a buluu ndiye kuti shuga watsika, akakhala obiriwira ali pakati, akafiira ngati njerwa zinthu sizili bwino. Anga ndi a njerwa. Insulini mayuniti 12 m'mawa, 8 madzulo. Jakisoni wa penisilini kanayi patsiku, mapiritsi a fulajilo katatu. Bala amalitsuka kawiri, kuchotsa mnofu wakufa ndi kalumo. Sista amandiyang'ana kumaso kuti aone ngati ndikumva kuwawa. Ndikanakonda ndikanamamva.

Tiyi wopanda shuga. Nsima yosaposa chibakera changa.

Kumanja kwanga kuli Saimoni, wa ku Kasungu, wolima fodya pa famu ina kuno. Anagwa pachigafa akupachika fodya n'kuthyoka ntchafu, ndipo mwendo wake aumangirira kuchingwe cholendewera thumba la mchenga. Pakamwa pake pokha ndi pomwe sipanathyoke. Kumanzere kuli mdala wina, a Amock Chavula, mimba yotupa ngati ng'oma koma manja owonda. Akuti ndi chiwindi. Salankhula kwenikweni, amangoyankha moni: «Tawuka, kwali imwe.»

Lachitatu, 7 Ogasiti

Njerwa. Akweza insulini, 16 m'mawa, 10 madzulo. Kutupa kwafika pakakolo.

Saimoni wandifunsa kumene ndimagwira ntchito, poona kuti ndimangolemba. Ndamuuza kuti ndinasiya.

«Anakuchotsani?»

Ndati ayi.

«Munaba?»

Ndati ayi.

«Ndiye munapenga, bambo. Bedi lanu si lino, lili kuchipinda chamawaya uko.»

Wodi yonse yaseka, inenso ndaseka. Achibale anga ananena zomwezo, koma iwo sanaseke. Ndiye ndamufotokozera, ndipo ndilembe panonso.

Kuyambira 1966, zaka 28, ndinali kalaliki wolemba zitupa pa boma. Munthu amakhala patsogolo panga, ndimamufunsa dzina, mudzi, mfumu, boma, kenako ndimamugwira chala chachikulu, kuchinyika mu inki, kuchidinda papepala, wina abwere. Ntchitoyo sinali yoipa, ndipo anzanga a muofesi anali anthu abwino. Koma mafunso anali omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo mayankho sindinkawamvetsera, ndinkangowalemba. M'sabata yanga yoyamba kunabwera mayi wina wachikulire. Nditati, «Mudzi?» anati, «Kapaizi, kwa Mwase. Munafikako?» Ndinati ayi. «Ndiye mulemba chinthu chimene simuchidziwa?» Anandiuza kuti kwawo kuli mwala waukulu, ukakwerapo umaona mapiri a ku Malawi. Ndinamwetulira, ndinadinda chala chake. Funso lakelo linakhala nane pa desiki zaka zonse.

Mu 1994 anandiuza kuti andikweza, ndipite ku Chipata, ndikakhale ndi ofesi yangayanga yokhala ndi chitseko. Ndinaganiza za chitsekocho sabata yathunthu. Kenako ndinalemba kalata yosiya ntchito, kutatsala zaka zisanu kuti ndipume mwaulemu. Ndinagula njinga, ndinalemba m'kabuku kano maina a midzi 180 yomwe ndinkaikumbukira, n'kuyamba kuiyendera umodziumodzi. Ndikafika ndimakhala tsiku, ndimafunsa kumene amatunga madzi, amene anayamba kumanga, chomwe chimabala bwino m'nthaka yawo, ndimalemba, kenako ndimachonga dzina la mudziwo. Ndachonga 63. Kapaizi ndinausunga ngati nthuli ya nyama imene mwana amaikankhira pambali kuti adzatsirizire. Chaka chino ndinati ndisadikirenso. Ndinali panjira imeneyo pamene phazi linakana kulowa m'nsapato, ndipo ndinabwerera kutatsala maola awiri.

Saimoni anati, «Anzanu amayenda kufuna ganyu, inu kuyenda kufuna mwala.»

Lachinayi, 8 Ogasiti

Lero a Amock alankhula. Titamaliza chakudya chamasana anandiitana: «Adada, imwe a kalaliki.» Anapisa pansi pa pilo, anatulutsa kapulasitiki komangamanga, m'kati mwake muli chitupa chakale chothethekatheka. Pamzere wa mudzi palembedwa Kapaizi. Zolembazo ndi za dzanja langa, za mu 1969.

«Munanigwila chala ngati mugwila nkhuku yokaipha,» anatero. «Simunaniyang'ane na kumaso komwe.»

Ndinapepesa. Anati si kanthu, tsiku limenelo mzere unali wautali. Dzulo anamva zonse koma anafuna kuyamba waona ngati ndine munthu wonama.

Ndinawafunsa za mwala.

«Ulipo. Tiyanikapo mphale.»

«Nanga Malawi amaoneka?»

«Kaya. Ine nakwelapo kupilikitsa mbuzi, osati kuona Malawi.»

Mayi uja wa mu 1966 akumudziwa. Anali azakhali awo, aNyaBotha, anamwalira kale. «Enya, ni iwo. Anali a pakamwa. Na abusa omwe anali kuwaopa.» Ndasangalala lero kuposa masiku onse chilowereni muno.

Loweruka, 10 Ogasiti

Andijambula phazi. Adokotala anakweza chithunzi pazenera n'kundionetsa pamene fupa la chala ladyeka, pooneka ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Chalacho achotsa Lolemba. Ndinafunsa ngati munthu wa zala zisanu ndi zinayi angapalase njinga. Ati angathe.

ANyaZgambo abweretsa mfutso wotendera ndi nyemba. Iwo amagulitsa nyemba pamsika wa Lundazi, ndipo chisiyireni ine ntchito nyumba yathu yaima pa nyemba zimenezo. Za kusiya kwanga analankhulapo kamodzi kokha, tsiku lomwe ndinabwera ndi njinga: «Mwasankha mseu, ine nasankha nyumba. Tione amene ayambe kutopa.» Kuchokera pamenepo amandikonzera kamba wapaulendo, amandichapira zovala ndikabwera, koma kabuku kano sanakatsegulepo, ndipo sanandifunsepo kuti mwaonako chiyani kumene munapita. Lero anakhala pampando n'kumathamangitsa ntchentche paphazi langa ndi nsonga ya chitenje, ola lathunthu.

Lolemba, 12 Ogasiti

Chala achotsa. Diripi. Ndasanza kawiri.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Mkodzo wobiriwira, koyamba. Insulini 20 ndi 12. Sista Olipa ati bala lili ndi maonekedwe abwino m'mbali. Ndadya zonse.

Saimoni akuti tikatuluka tigwirizane: iye ali ndi mwendo wamanzere wabwino, ine wamanja, njinga imodzi itikwanira. A Amock awachotsa madzi m'mimba, mabotolo anayi, ndipo apumako bwino. Andiphunzitsa njira ya ku Kapaizi, ndalemba: ukadutsa sukulu usatsate msewu wa malole, ukhotere kumanzere pamtengo wa muwanga wopsa mbali imodzi, uwoloke dambo, ukwere kamtunda. Njira imene ndinkatsata ine akuti ndi yozungulira. Ndikanadziwa, ndikanafika tsiku lomwe lija.

Masana mnyamata wa pabedi lachitatu watisiya. Anali mphunzitsi, zaka ngati za mwana wanga Lukundo. Anatchinga ndi nsalu, mayi ake analira chapansipansi mpaka anatuluka panja. Wachinayi chibwerereni ine, onse achinyamata.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Akulu anga a Luckson abwera kuchokera kumudzi atatuluka kutchalitchi. Anaima kumapazi kwa bedi, chipewa chili m'manja, n'kundiitana mwakwathu, ndi dzina la mwana wanga.

«Wiske Lukundo, waona? Mpando unali kukuluma? Anzako ali ku Chipata, nsapato zopolisha, iwe uli pano udulidwa ngati chinangwa.»

Ndinawafotokozera kuti shuga sanabwere ndi njinga, adokotala ati analipo kale ndili pa desiki.

«Koma munga unabwela na desiki?»

Anandisiyira nthochi, zomwe sandilola kudya. Saimoni wandithandiza.

Akulu anga si munthu wouma mtima. Ndi iwo amene anasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ndipo tsiku lomwe ndinayamba ntchito anayenda pansi kuchokera kwa Mphamba kudzangondiona nditakhala pampando. Pamene ndinasiya, sindinaganize kuti mpandowo unali wawonso.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Fungo labwerera. Zala ziwiri zoyandikana ndi bala zada. Adokotala atenga bolopeni n'kujambula mzere pakhungu, pomwe kufiira kwalekezera, pamwamba pang'ono pa kakolo. Ati tiziona m'mawa uliwonse: kufiira kukakhala kunsi kwa mzere, mankhwala akugwira, kukawoloka, tikambirana zina. Asintha mankhwala, tsopano ndi kuloramfenikolo, kanayi patsiku.

Tsiku lonse ndangoyang'ana mzere wa buluuwo.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Kwawoloka, mlingo wa zala ziwiri. Ajambula mzere wina. Thupi 39. Kuzizidwa.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Adokotala anakhala pabedi langa, zomwe sachita. Ndilembe monga ananenera. Phazi lafa ndipo silingadzuke. Poizoni wake akukwera ndi magazi, n'chifukwa chake thupi likutentha. Akadula msanga, adula kunsi kwa bondo, ndipo munthu wokhala ndi bondo amayenda ndi ndodo mosavuta, mwina m'tsogolo n'kupeza mwendo wopanga. Tikachedwa, adula pamwamba pa bondo. Tikachedwanso, sipadzakhala chodula. Akufuna ndisaine fomu yovomereza.

Ndinafunsa za njinga. Anayang'ana pansi, kenako anati, «A Msimuko, tiyambe tapulumutsa munthu.»

Ndapempha masiku. Ati alipo ochepa.

Midzi 117 yatsala. Ndinadikira zaka 28 kuti ndiyende, ndayenda ziwiri.

Loweruka, 24 Ogasiti

Thupi 38.5. Sindinasaine.

Ndafunsa Sista Olipa kuti mwendo akadula umapita kuti. Ati achibale akafuna amawapatsa, atakulunga bwino, kuti akauike kwawo. Akapanda kufuna, chipatala chili ndi dzenje lake kuseri. Ndinayang'ana pazenera. Sindikudziwa chifukwa chake zimenezi zandivuta kuposa mpeni weniweniwo. Mwendo umenewu unakhala pansi pa desiki zaka zonse osadandaula, ndipo nditaumasula unandinyamula kukwera zitunda za kwa Chikomeni ndi mchenga wa kwa Magodi. Sindifuna ukathere m'dzenje limodzi ndi mabandeji.

Lamulungu, 25 Ogasiti

A Luckson abweranso. ANyaZgambo analipo. Ndinawauza zonse, ndipo ndinapempha kuti mwendo ukaikidwe kumanda a kwathu, pafupi ndi amayi.

Anakana, ndipo anakana modekha, zomwe zinandipweteka kwambiri. Kwathu, anati, khasu silikumba kumanda munthu ali moyo. Dzenje likatseguka limaitana mwini wake, ndipo likapanda kumupeza limatenga wina, mwina mwana. Adzukulu okumba manda sangavomere, ndipo iwo sangawapemphe. Komanso munthu amapita kwa Chiuta wathunthu monga anabwerera. Iwo akuti anditulutse, kuli munthu wina kwa Zumwanda wodziwa zitsamba za mabala.

Ndinayamba kufotokoza za magazi ndi poizoni, monga ndimachitira. ANyaZgambo ndi amene anayankha.

«Alamu, vundukulani bandeji muone. Mukaona, ndiye munene za zitsamba.»

Sanavundukule. Fungo linali litawauza kale. Anandigwira phewa, anati, «Munung'una wane,» ndiko kuti mng'ono wanga, n'kutuluka. Chiyambire ukulu wathu sanandiitanepo choncho.

Lolemba, 26 Ogasiti

39.8. Mzere wachitatu. Dzanja likunjenjemera.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Ndikulemba pang'onopang'ono, ndikupumira.

M'mawa adokotala auza a Amock kuti palibenso chomwe chipatala chingachite. Ndi bwino akakhale kwawo. Mwana wawo Robson abwera ndi ngolo mawa madzulo, anyamuka Lachinayi m'mawa. Iwo anangothokoza, «Yewo, adokotala,» ngati awapatsa moni.

Adokotala atachoka anatembenukira kwa ine.

«A kalaliki, mudikila chiyani? Ine alibe chodula. Imwe muli nacho, mukana.»

Ndinawauza za dzenje la kuseri, ndi za akulu anga.

«Akulu anu anena zoona, kumanda yayi. Na kwathu sitichita. Koma mwendo si malilo. M'munda mwanga muli chulu, pansi pa mwala uja. Dada wanga ng'ona inamudya dzanja ku Lwangwa, chotsala tinaika pachulu pamenepo, iye anakhala zaka makumi awili akukoka fodya na dzanja linalo. Malo alipo. Mwendo wanu unali kubwela kwathu, si ndiye? Ulekeni ufike.»

Saimoni sanaseke. Ndinati ndani angaunyamule, Robson ali ndi bambo ake odwala oti awasamale, ndipo si chinthu chopatsa mlendo.

ANyaZgambo anali akutsuka makapu m'beseni. Osatembenuka anati, «Nizapeleka ndine.»

Ndinati nanga msika.

«Nyemba siziola.»

Sista Olipa anabwera ndi fomu. Ndinagwira bolopeni koma dzanja linkavina, dzina langa linatuluka ngati mapazi a nkhuku. Tinayesa kawiri. Kenako Sista anapita kukatenga inki, anandigwira chala chachikulu chakumanja, anachinyika, anachidinda. Inkiyo ndi yozizira. Zaka zonsezo sindinadziwe kuti ndi yozizira.

«Gwilani bwino, Sista,» anatero a Amock. «Ngati nkhuku.»

Sista anandiyang'ana kumaso nthawi yonseyo.

Lachitatu, 28 Ogasiti

Osadya chilichonse. Andimeta mwendo mpaka pabondo. Ati kunsi kwa bondo n'kothekabe, koma pafupi kwambiri. Ndausisita pang'ono pomwe pali khungu labwino. Akubwera ndi machira.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Ndili moyo. Bondo lilipo. Petidini, diripi, magazi botolo limodzi.

Za dzulo ndikukumbuka pang'ono. A Amock anawanyamula anthu awiri. Podutsa pabedi langa anandigwira dzanja n'kunena kanthu, sindinamve. ANyaZgambo anavala nsapato zawo za kutchalitchi, ndipo anali ndi mtolo wokulunga m'chitenje chobiriwira, chija ndinawagulira ku Chipata. Anaunyamula m'manja, osati pamutu.

Bulangete lagona fulati pomwe panali phazi. Sindikuyang'anako.

Loweruka, 31 Ogasiti

Thupi 37.5. Mkodzo wobiriwira. Ululu wabwera tsopano, wonse umene unandisowa.

ANyaZgambo afika madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Anakhala pansi, anavula nsapato. Ndinadikira. Anayamba ndi kundifunsa ngati ndadya.

Kenako anati ngolo inayenda tsiku lonse, ng'ombe imodzi inali yaulesi. A Amock anagona pamatiresi, iwo anakhala kumbuyo mtolo uli pamiyendo. Pamuwanga wopsa anakhotera kumanzere. Anafika dzuwa litapendeka. Robson ndi msuweni wake anakumba m'mbali mwa chulu, mozama mpaka m'chiuno chifukwa cha afisi, anaika, anakwirira, anaunjikapo miyala. Panalibe nyimbo, popeza si maliro. A Amock anawauza kuti aimitse ngolo pafupi kuti aone ngati akumba bwino, ndipo anawadzudzula kuti dzenje lapendama.

Ndinafunsa kuti mudziwo ndi wotani.

«Ni mudzi chabe. Nyumba, nkhokwe, mbuzi.»

Ndinatsegula kabuku kutsogolo. Anandiyang'ana, anapumira m'mwamba, kenako anayamba. Nyumba khumi ndi zinayi, ziwiri zamalata. Madzi amatunga pachitsime cha m'dambo, oyera ngati mkaka koma okoma. Anayamba kumanga ndi agogo a a Amock, atachoka kwina chifukwa cha mkangano wa ng'ombe. Nthaka ndi yofiira, nyemba zawo ndi zazikulu kuposa zomwe iwo amagulitsa, ndipo atengako za mbewu. Mafunso anga onse anafunsa, m'ndondomeko yake. Ndinati munawadziwa bwanji. Anati, «Muganiza kabuku kanu kamakhala kotseka mukagona?»

«Nanga mwala?»

«Nakwela. Na mawondo anga awa. Azimayi anali kuniseka, ati mlendo afuna kuba mphale.»

«Munaona Malawi?»

«Yayi, awiske Lukundo. Utsi wokhawokha. Anthu atentha tchile konsekonse. Ati mvula ikagwa mapili aoneka, mwezi wa Disembala. Ine naona utsi.»

Akanatha kundinamiza, sindikanadziwa. Kenako anati, «Koma pamwamba paja pali mphepo. Nakhalapo nthawi. Palibe amene anali kuniitana.»

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Atsegula bandeji koyamba. Chitsa chili bwino, chofiira, chosanunkha. Insulini 18 ndi 10. Andiphunzitsa kudzibaya ndekha pantchafu, poyamba ndinayesera pa lalanje.

Chodabwitsa n'chakuti phazi lomwe kulibe ndikulimva. Chala chachikulu chikuyabwa, ndipo nthawi zina ndimamva ngati ndaponda dothi lozizira. Adokotala ati zimachitika, mitsempha imakumbukira. Phazi limene silinamve munga lili pathupi, likumva tsopano lili kwa Mwase.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Ndaimirira ndi ndodo ziwiri. Masitepe asanu ndi limodzi, mpaka pabedi la Saimoni, kenako chizungulire. Iye anawomba m'manja: «Mudzi wa 64, kwa Saimoni! Chongani, bambo. Madzi timatunga pampopi, nthaka ndi ya simenti.» Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinaleke pomwe kuseka kunalekera. Anandisiya ndilire, anayang'ana kudenga.

Pabedi la a Amock pali munthu wina tsopano.

Lolemba, 9 Sepitembala

Kalata ya Lukundo yochokera ku Kitwe. Akufuna tikakhale kwa iye, kuli madokotala a shuga. Ndiyankha ndikapeza mphamvu.

A Luckson atumiza nkhuku yophika ndi mawu akuti njinga ndiwapatse akaigulitse, isamandipweteke mtima poiona. ANyaZgambo awabwezera mawu kuti njinga aipachika kudenga, matayala ali m'mwamba kuti asaphwe, ndipo siitsika.

Ndakhala ndikudzifunsa funso la akulu anga. Ndikanakhala pampando, bwenzi lero ndili ndi miyendo iwiri, mwina. Bwenzi ili pansi pa desiki ku Chipata, kuseri kwa chitseko. Sindinganene kuti sindikudandaula, ndikudandaula kwambiri. Koma ndikayesa kudandaula za kalata ija ya 1994, mtima umapita kwina: umadandaula kuti sindinailembe mu 1984.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Robson wabwera pa boma kudzagula mchere ndi sopo, wadzera kuno. A Amock anamwalira Lachisanu, m'nyumba mwawo, anthu awo onse alipo. Anakhala masiku asanu ndi atatu. Akuti tsiku lililonse ankatuma munthu kukaona ngati afisi sanafukule pachulu. Sanafukule.

Ndinamufunsa ngati akudziwa zomwe bambo ake anandiuza tsiku lonyamuka, zomwe sindinamve. Anati anali pomwepo. Akuti bambo ake anati, «A kalaliki, katundu wanu nisunga, koma mubwele mukaone mweka, na maso anu.»

Robson ati mvula ikayamba, asanamange ng'ombe pa pulawo, atha kudzanditenga pa ngolo. Pamwala akuti anthu anayi angandikweze. Ndamuthokoza. Adokotala ati shuga wagwiranso maso ndi impso pang'ono, ndipo phazi lamanja ndizilisamala ngati dzira. Disembala ali kutali. Sindinalonjeze.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Achotsa ulusi. Anditulutsa mawa. Insulini 18 ndi 10, botolo ndizisunga mumtsuko wa madzi ozizira. Ndibwerenso pakatha masabata awiri. Saimoni atsala, thumba lake la mchenga likadali ndi masabata atatu. Wandipempha bolopeni, akuti nayenso ayamba kulemba mabodza.

Masamba a kumbuyo atsala pang'ono kukumana ndi a kutsogolo. Masana ndinatembenuza kabuku, ndinapeza mzere wa Kapaizi. Lamulo langa linali lakuti sindichonga mudzi umene sindinauone ndi maso anga, popeza ndi chimene aNyaBotha anandidzudzulira. Ndinagwira pensulo nthawi yaitali. ANyaZgambo anali akulongedza makapu ndi bulangete m'beseni.

«Chongani,» anatero. «Mwafikako.»

Ndinati amene wafika ndi mwendo.

«Na ine. Kapena ine sindine wanu?»

Sindinachonge, koma ndalemba pambali pake: Wafika mwendo wamanzere, 29 Ogasiti 1996, pa ngolo ya a Chavula. Nyumba khumi ndi zinayi. Mwala ulipo, anakwerapo aNyaZgambo. Mapiri sanaoneke.

Anawerenga ali chiimire kumbuyo kwanga. Kenako anatenga pensulo m'dzanja langa, anainyowetsa palilime monga amachitira pamsika, ndipo anachonga okha, chongi chachikulu chopindika chomwe chalowa mpaka mumzere wa mudzi wotsatira. Sindifufuta.